Kadontho Koyera m'Mutu mwa Madina

Achimwene anga a Julius ndi munthu wabwino, koma ali ndi vuto limodzi: maliro amawaonera patali. Ukangotsokomola kawiri pamaso pawo amayamba kukufunsa ngati pasipoti yako idakali bwino. Sindiwadzudzula kwambiri ayi. Iwo ndi tcheyamani wa bungwe lathu la maliro, la ife a ku Dedza amene tili ku Joni kuno, ndipo munthu amene ntchito yake n'kutumiza mabokosi kumudzi sangaone chimfine ngati chimfine.

Ine ndine Dailes, mlongo wawo wamng'ono. Ndimasoka makatani pa fakitale ina ku Marlboro, ndipo ndimakhala ku Bertrams, m'chipinda chimodzi cha nyumba yakale imene mwini wake anaidula zidutswazidutswa kuti tonse tikwanemo. Mwana ndili naye mmodzi, Madina. Za bambo ake tisataye nazo nthawi. Anandisiyira dzina la mwanali ndi wailesi yosalira, n'kupita.

Madina anakulira kwa amayi anga ku Linthipe. Ndinamusiya akuphunzira kuyenda, ndipo ndinakamutenga mu Disembala 2015 ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, mano akutsogolo atayamba kale kuthothoka. Miyezi yoyamba ankanditchula kuti "a Dailes", monga ankamvera anthu akumudzi akunditchula. Zinkandiwawa mumtima, koma ndinkangomwetulira. Cha ku Isitala, tsiku lina m'mawa akumwa tiyi, anangoti, "Amayi, shuga wachepa," osadziwa n'komwe kuti wanena chiyani. Ndinamuthirira shuga wa sabata yonse m'kapu imodzi.

Mwana ameneyu ndi wolongolola, ndipo sindikukokomeza. Amalankhula akudya, akusamba, ngakhale akutsuka m'kamwa. Atangoyamba sukulu anatola Chizulu ngati akutola mango, n'kuyamba kundikonza ine m'takisi pamaso pa anthu. Mawu amene ndinkawanena kwambiri pa tsiku anali akuti, "Madina, takhala chete."

Chisanu cha 2016 chitayamba, chimfine chinalowa m'kalasi mwawo n'kugwetsa ana ngati mapesi. Madina anatentha thupi, anasanza, ine n'kumati ndi za masiku onse. Koma Lamulungu masana, ndikusita yunifomu yake, mwana anadzuka pabedi n'kuyamba kuseka akuyang'ana kudenga. Anati mbuzi za agogo zikuyenda mozondoka pamenepo. Ndinamugwira pachipumi. Anandiyang'ana ngati ndine wogulitsa tomato wapamsewu.

"Inu ndinu ndani?" anandifunsa.

Ndisanayankhe, maso anatembenuka, thupi lonse n'kuyamba kugwedezeka. Sindikumbuka kuti ndinakuwa motani. Ndimangokumbuka Emeldah, mnzanga wa ku Chipata amene amaluka tsitsi m'chipinda choyandikana ndi changa, akulowa ndi chipeso kumanja, kasitomala wake akutsatira mutu utalukidwa mbali imodzi. Emeldah ndiye anakaima pakati pa msewu n'kuimitsa galimoto ya munthu wosamudziwa. Mpaka lero sitidziwa dzina la bambo uja.

Kuchipatala chachikulu anamuika dilipi, anamutenga magazi, anamutenganso madzi a pamsana. Anati mchere unachepa m'magazi mwake. Kukomoka kunaleka, koma mwana sanabwerere. Ankangogona, akadzuka n'kumalankhula zosamveka ngati woledzera. Mawa lake anamulowetsa m'makina aakulu ojambula ubongo, aja amati MRI. Ndi chimphanga choyera chimene chimalira mogonthetsa m'khutu, ndipo munthu amayenera kugona osagwedezeka mpaka athane naye. Madina wanga, amene sangakhale phee ngakhale pa pemphero la chakudya, anagona m'menemo ngati chipika. Wojambulayo anamuyamikira kuti ndi mwana womvera. Ine ndinatuluka n'kukalira kuchimbudzi.

Dokotala wa ana anali mayi wachitsikana, wamfupi, wovala nsapato zothamangira. Ataona dzina langa anandiyang'ana kawiri.

"Muri a ku Malawi? Agogo anga anachokera ku Dowa, anapita kumapurazi, kuminda ya azungu, ku Zimbabwe. Ndine Dokotala Mutsa."

Chichewa chake chinali chakalekale, chosakanikirana ndi Chishona, cha mtundu umene ndinaumva komaliza kwa madala obwera ku migodi. Koma tsiku limenelo chinandikomera kuposa nyimbo. Anandikhazika pampando n'kutembenuzira kompyuta kwa ine. Panali chithunzi chotuwa, chooneka ngati mtedza wosenda pakati, ndipo cha kumbuyo pang'ono, pakatikati penipeni, panali kadontho koyera mbee, kozungulira motalika ngati nyemba.

"Ubongo uli ndi mbali ziwiri," anatero, "ndipo pakati pali mlatho wolumikiza. Apa ndi kumapeto kwa mlathowo. Kachilombo ka chimfine kanautsa thupi lonse kuti limenye nkhondo, ndiye pamalo apa patupa pang'ono, madzi atsekeredwa m'kati. N'chifukwa chake pakuwala."

"Ndi chotupa? Ndi khansa?"

"Sindikuganiza choncho. Onani m'mene kakhalira. Kali pakati ndendende, m'mphepete mwake ndi mosalala, mbali zina zonse zili bwino. Tinamubaya mankhwala oonetsa zotupa, kadonthoka sikanawamwe. Madzi a pamsana ndi oyera. Mwa ana ambiri amene timaona zotere, kamazimiririka kokha pakapita sabata imodzi kapena ziwiri, mwana n'kubwerera mwakale." Anakweza chala. "Mara sindilumbira ndisanaone chithunzi chachiwiri. Mudzabwere naye tidzajambulenso."

Ndinapempha kuti ndijambule kompyutayo ndi foni yanga kuti ndikaonetse achimwene. Kwathu mwana ndi wa kuchikazi, ndipo malume ndiye mwini mbumba. Nkhani yaikulu chonchi sungawabisire. Ndinawatumizira chithunzicho pamodzi ndi mawu onse a dokotala. Chithunzi anachilandira. Mawuwo sindikudziwa kuti anagwera kuti.

Dzuwa lisanalowe, m'kati mwa mutu wa mwana wanga munali mutaonedwa ku Rosettenville, ku Cape Town ndi ku Linthipe komwe. A Julius anali atachiponya pa gulu la WhatsApp la bungwe la maliro, akuti kuti anthu apemphere. Anthu anapempheradi, koma anayamba ndi kupima. Wina anati ndi dzira la nyongolotsi. Wina anati msuweni wake anali ndi chomwecho ndipo sanafike Khirisimasi. Mbusa wina wa ku Turffontein anati iye akuona diso, ndipo disolo likumuyang'ana. Anthu amene sangasiyanitse chiwindi ndi kapamba pa mbuzi yophedwa, onse anasanduka madokotala a ubongo. Amayi anaimba foni kuchokera kumudzi akulira.

"Ndinakupatsa mwana wabwinobwino. Bweretsa mwana wanga kuno, ndipo akabwera sabwereranso kumeneko."

Chonsecho m'wodi zinthu zinali kusintha. Kutentha kunatsika. Tsiku lina m'mawa ndikumupukuta kumaso, Madina anatsegula maso n'kunena motsitsa kuti, "Amayi, ndikufuna tchipisi." Ndinathamanga makwerero onse a chipatala chija ngati mtsikana. Anayamba kudya, kuyenda yekha, kuwerenga zala za dokotala molondola. Kungoti anali wofooka ndi wachete. Ukamufunsa ankayankha mawu amodzi, n'kubwerera kukayang'ana pawindo. Dokotala Mutsa anati ndi kutopa, ndipo anatitulutsa. Anati tibwere Lolemba la sabata inayo kudzajambulanso.

A Julius anabwera kudzatichingamira atavala jekete lawo lakuda la misonkhano. Anayang'ana mwana, anayang'ana ine, kenako anayang'ana kapepala ka mankhwala kamene kanali m'manja mwanga.

"Ena ali kuti?"

"Ndi omwewa, achimwene. Panado, akatentha thupi."

"Panado." Anavula chipewa. "Munthu ali ndi chinthu mu ubongo, amupatsa panado n'kumuuza kuti azipita kunyumba?"

"Akuti kazimiririka kokha."

Anandiyang'ana mwachisoni, monga amayang'anira amasiye. Ndipo ndinadziwa zimene ankaganiza, chifukwa nanenso ndinakulira komweko. Kwathu, chipatala chikakutulutsa wodwala kwambiri popanda jakisoni, popanda thumba la mankhwala, n'kukuuza kuti ukapume kunyumba, aliyense amamva tanthauzo lake. Amayi amayamba kusinja chimanga, abambo n'kumayang'ana matabwa. Madokotala sanena kuti talephera. Amati kapumeni.

Ndipo kuno ku Joni tili ndi lamulo lathu losalembedwa. Munthu akadwala mpaka pamenepo, timamukweza basi adakali ndi mpweya, akaone abale ake, akagone panthaka ya kwawo. A Julius akweza anthu ambiri chonchi. Sanandifunse. Lachiwiri anabwera ndi matikiti awiri a basi ya Loweruka, ya ine ndi ya Madina. Ndimuperekeze, ndikamusiye kwa agogo ake, ine ndibwerere ku makatani anga.

"Koma kujambula ndi Lolemba," ndinatero.

"Kujambula kumachiritsa? Dailes, mutu ukakula sulewa nkhonya. Izi zisiyire ine."

Tsono mverani za anthu akwathu. Ali ndi chifundo chenicheni, sindikana. Anabwera kudzazonda, anabweretsa malalanje, amayi ena analira nane. Koma Mmalawi wa ku Joni akamva kuti wina akupita kumudzi, chifundo chimabwera chitanyamula katundu.

Anayamba ndi mayi wina wa ku Yeoville. Atapemphera nthawi yaitali, potuluka anati, "Popeza mukupita, achemwali, kandowa aka mukangosiya pa Chimbiya." Kandowako kanali ndowa ya penti yodzaza mafuta ophikira ndi sopo, yoti amuna awiri agwirizane ponyamula. Pambuyo pake zinangokhamukira. Zikwama zamizeremizere zija timati changani zinabwera zitatupa ngati ng'ombe zakufa. Kunabwera mabulangete, matumba a shuga, njinga yomasula mawilo, solala, mapoto olowetsana, ndi TV yaikulu yokulungidwa m'chitenje imene mwini wake anandichenjeza kuti isagone chagada. Aliyense ankalemba dzina la m'bale wake pa selotepi, n'kundigwira dzanja, n'kunena kuti Mulungu ndi wamkulu. Pofika Lachinayi, kuti ndifike pabedi ndinkayenda chammbali.

Emeldah anaima pakhomo manja ali m'chiuno.

"Awe mwandi, amake Madina, imwe a Malawi! Manje uyu ni mwana odwala olo ni transport? Dokota anakamba kuti Monday. Mwamvera WhatsApp kusiya dokota?"

Ndinaseka, koma kunena zoona ndinali ndi mantha. Nanga a Julius akanakhala kuti akulondola? Nanga dokotala uja ankangondinyengerera chifukwa agogo ake ndi a ku Dowa? Madina ankangokhala pamwamba pa zikwama, miyendo ili lendelende, osalankhula. Chete wakeyo ankandiopsa kuposa chithunzi. Ndinayamba kupinda zovala zake. Emeldah, ngakhale ankalalata, anamuluka tsitsi la paulendo, n'kumuika timikanda tachitsulo tonyezimira kunsonga, akuti ngati akupita apite ngati mwana wa ku Joni.

Lachisanu madzulo ndikuika nsapato zake za kusukulu m'chikwama, ndinamva mawu pamwamba pa katundu.

"Amayi, inunso mukakhala komweko?"

"Ine ndikabwerera kuntchito, mwanangu. Ndizidzakuimbira."

Anaganiza kanthawi, akusewera ndi timikanda take.

"Ndiye pa foni ndizidzakutchulani kuti chiyani?"

Sanafunse modandaula. Anafunsa monga mwana amafunsira kuti mawa avale chiyani. Ndinakhala pansi pa ndowa ya mayi wa ku Yeoville, nsapato ili m'manja. Ndinadikira mwana ameneyu zaka zonse zija, ndipo dzina loti amayi ndinali nditangolivala kumene. Ndinatulutsa nsapatozo m'chikwama n'kuzibwezera pansi pa bedi.

Loweruka m'mawa a Julius anafika ndi Tawakali, mnyamata wa ku Mangochi amene amanyamulira anthu katundu pa galimoto yake ya baki. Anandipeza nditakhala pampando pakati pa khomo, nditavala zovala zogwirira ntchito za pakhomo.

"Sunakonzeke?"

"Sitikupita, achimwene."

Anaseka pang'ono, akuyang'ana Tawakali. "Dailes, si nthawi ya masewera ino. Basi sidikira."

"Isadikire. Mwana ajambulidwa Lolemba."

"Ukulankhula ndi ndani? Mwini mbumba ndine."

"Mbumba ndi yanu, achimwene, sindikukanirani. Koma mimba inali yanga."

Sindinawayankhepo chonchi chibadwire. Anthu a m'zipinda zina anayamba kupeza zifukwa zodutsira m'khonde, wina ndi mswachi, wina ndi ketulo yopanda madzi. Ndinkayembekezera kuti a Julius akalipa. M'malo mwake anakhala pa chikwama china, n'kuyamba kulankhula motsitsa.

"Iwe sunalipo pa za Joram."

Joram anali mng'ono wawo, mlongo wanga wina. Anamwalira kuno ine ndisanabwere, atagonera m'chipatala nthawi yaitali akuuzidwa kuti adikire.

"Anandipempha kuti ndimukweze basi," anatero a Julius. "Ine ndinati dikira, madokotala akudziwa. Ndinadikira. Kenako ndinapita naye kumudzi, ine m'minibasi, iye m'ngolo yokoka kumbuyo. Msewu wonse wa ku Tete ndinkamva bokosi likugunda pa mabampu. Amayi anangondifunsa funso limodzi, kuti bwanji sunabwere naye akuona. Chiyambire tsiku limenelo sindinapondenso ku Linthipe. Ndinalumbira kuti wina wa m'nyumba mwathu sadzakweranso ngolo."

Mkwiyo wanga wonse unasungunuka. Ndinawamvera chisoni achimwene anga, ndi jekete lawo lakudalo. Koma pampando sindinachoke.

"Ndamva, achimwene. Koma Madina si Joram. Tandipatsani Lolemba lokha."

Tawakali, amene nthawi yonseyi ankayeza katunduyo ndi maso mwankhawa, anatsokomola. "Abwana, tikiti amasintha. Ilipo basi ina ya Lachitatu. Ndiponso katundu uyu, eish, pa trip imodzi sakwana."

"Kuona maso a nkhono n'kudekha, ba Julius," anatero Emeldah ali pakhomo pake.

A Julius anaimirira n'kuvala chipewa. "Lachitatu. Chinthucho chikapezeka chilipo, sindifuna kumvanso mawu."

"Chikapezeka chilipo, ndinyamula ndekha TV ija pamutu," ndinatero.

Lolemba tinapita atatu. A Julius anati akufuna akaone ndi maso awo, chifukwa akazi timamva zimene tikufuna kumva. Kuchipinda chojambulira, nesi anangoyang'ana mutu wa Madina n'kugwira m'chiuno. M'makina aja simulowa chitsulo chilichonse, amakoka ngati maginito. Tinakhala pabenchi n'kuyamba kuchotsa timikanda ta Emeldah kamodzikamodzi, ine mbali ino, tcheyamani wa bungwe la maliro mbali inayo, zala zawo zazikulu zozolowera ntchito yawo ya m'minda ya maluwa zikulimbana ndi tsitsi la mwana. Timikandato anatisunga m'chipewa.

Ine anandilola kulowa nditavula ndolo ndi zonse. Anamugoneka Madina, anamutseka makutu, bedi n'kulowa m'chimphanga. Ndinagwira chala chake chakuphazi. Makina anayamba kugunda, du du du du, kenako kulira ngati macheka.

"Amayi!" Mawu anatuluka m'chimphangamo. "Izi zikulira ngati chigayo cha a Nasibu cha pa Linthipe!"

Makina anaima. Wojambula analankhula pa sipika ali kuseri kwa galasi. "Sisi, please, tell her not to talk."

"Madina, takhala chete."

Anayambanso. Sipanapite nthawi.

"Amayi, kodi akuona zimene ndikuganiza? Ndikuganiza za polony. Afunseni ngati akuiona."

Anaimitsanso. Wojambulayo anali yemwe uja anamuyamikira kuti ndi mwana womvera, ndipo tsopano anali atagwira mutu. Madina anamuyankha m'Chizulu kuti iye sakugwedezeka, pakamwa pokha ndi pamene pakugwedezeka. Ine ndinkayesa kukalipa koma ndinkalephera. Ndinkaseka, misozi ikutsika mpaka m'khosi. Sindinasangalalepo chonchi ndi mwana wosamvera. Potsiriza ndinamulonjeza tchipisi ndi polony yemweyo, ndipo anapirira mpaka anamaliza, milomo atailuma.

Tinadikira pamzere mpaka masana. Dokotala Mutsa atatiitana, anapereka moni kwa a Julius mwaulemu wonse, "Muli bwanji, abambo," n'kuika zithunzi ziwiri pa kompyuta, china kumanzere, china kumanja. Chakumanzere ndinkachidziwa ngati chikhatho changa, kanyemba koyera kali pakati. Chakumanja chinali chotuwa chokhachokha. Ndinayang'ana pamalo paja mpaka maso kuwawa. Panalibe kanthu.

"Kapita," anatero dokotala. "Sikanasiye ngakhale chipsera."

A Julius anavala magalasi. Anasendera pafupi. Anatulutsa kansalu n'kupukuta kompyuta ya boma, ngati kuti kadonthoko kabisala kuseri kwa fumbi.

"Adokotala, musandione ngati wamwano. Pano pamadutsa mitu yambiri. Mwatsimikiza kuti uwu ndi mutu womwewo?"

Ndinafuna kulowa pansi. Koma dokotala sanakwiye. Anadina batani, pa kompyuta n'kubwera chithunzi china, chojambula chammbali. Munkaoneka mutu wonse ngati munthu wayang'ana kumbali: ubongo, mlatho uja utapindika bwinobwino, komanso mphuno, milomo ndi chipumi.

"Mwina mungamuzindikire, abambo."

Kwathu tili ndi chipumi. Sitinyadira, koma ndi chathu. Chimatsogola, munthu n'kumabwera pambuyo. A Julius ali nacho, ine ndimachibisa ndi wigi, ndipo Joram ndiye anali nacho chachikulu kuposa tonse. Achimwene anayang'ana chithunzicho nthawi yaitali. Kenako anatembenuka n'kuyang'ana Madina, amene anali kalikiliki kufotokozera nesi za mbuzi za agogo ake.

"Ndi wathu," anatero. "Chipumi ichi ndi cha Joram."

Anafuna kuvala chipewa kuti abise nkhope, kuiwala zimene zinali m'katimo. Timikanda tonse ta Emeldah tinawakhuthukira m'mutu n'kumwazika pansi pa ofesi ya dokotala. Madina anaseka mpaka kugwira pamimba. Tinagwada tonse kutola, ndi dokotala yemwe, ndipo a Julius anatola nthawi yaitali kuposa tonse, atayang'ana kukhoma.

Atadzuka anafunsa funso limene linkawasautsa. "Nanga bwanji munamutulutsa ndi panado yekha?"

"Chifukwa thupi lake linali litayamba kale kudzichiritsa. Tikanakhala ndi nkhawa sitikanamulola kuchoka. Ife tikati pitani kunyumba, abambo, ndiye kuti pitani kunyumba basi."

Tisanafike pa geti, chithunzi chatsopano chinali chili kale pa gulu la bungwe. Mbusa wa ku Turffontein analemba kuti diso latsinzina chifukwa cha mapemphero ake. Sindinatsutse. Tsiku limenelo aliyense akanatha kutenga ulemu umene akufuna, ine ndinali ndi mwana.

Koma vuto linatsala limodzi, ndipo linali litadzaza chipinda changa mpaka kudenga. Ndinaimbira eni katundu kuti adzatenge zinthu zawo. Onse anasangalala kwambiri kuti Madina wachira, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene anabwera. Mayi wa ku Yeoville anati anauza kale apongozi ake kuti akadikire pa Chimbiya. Mwini TV anati ana ake aitana kale mudzi wonse kudzaonera mpira. Aliyense ankamaliza ndi mawu amodzimodzi: a tcheyamani ndiwo anatiuza kuti kuli ulendo.

Ndinapita nawo mawuwo kwa a tcheyamani.

"Walira mvula walira matope, achimwene. Matikiti ndi anu, anthu ndi anu, ndiye mupite ndinu. Ndiponso amayi sakhulupirira za pa foni. Akufuna munthu woti akawauze pamaso kuti mwana ali bwino."

Anati kuntchito sangawalole. Ndinati abwana awo akhala akuwakakamiza kutenga holide chaka ndi chaka. Anati alibe mphatso yoti akapatse amayi. Ndinawalozera chipinda chonse.

Lachitatu m'mawa Tawakali anayenda maulendo awiri. Pamalo okwerera basi panali phokoso la masiku onse, anyamata akukangana ndi sikelo, amayi akumanga zikwama ndi selotepi ngati zikufuna kuthawa. A Julius anabwera opanda jekete lakuda. Anavala shati yamaluwa imene sindinkadziwa kuti ali nayo. Mpando wa Madina anakhazikapo TV, n'kuimanga lamba kuti isagone chagada.

Basi isananyamuke anatsikanso. Ndinawaona akuzungulira kumbuyo, kumene kunali ngolo yaikulu ya katundu. Anaima pamenepo akuyang'ana anyamata akukweza njinga, mapoto ndi mabulangete. Ndinapita kukaima pambali pawo.

"Ulendo uno kumbuyo kuli ndowa zokhazokha," anatero.

"Ndowa zokhazokha, achimwene."

Anandigwira paphewa, chinthu chimene sanachitepo. Kenako anawerama kwa Madina. "Agogo ndikawauze chiyani?"

"Mukawauze kuti ndidzabwera pa Khirisimasi kudzawaona. Ndi amayi anga. Ndipo tidzabwereranso limodzi, chifukwa ine ndili ndi sukulu. Komanso mukawauze kuti mbuzi zawo ndinaziona padenga. Komanso a Nasibu mukawauze kuti kuno kuli chigayo cholowamo anthu. Komanso..."

Basi inaliza hutala iye adakali pa komanso. A Julius anakwera akuseka, ndipo tinawaona pawindo, iwo ndi TV yawo, mpaka anakhota pa maloboti.

Madina anandikoka dzanja. "Amayi, tiyeni kunyumba."

Tinakwera takisi ya ku Bertrams. Analankhula njira yonse, za polony, za wojambula wokwiya uja, za mmene ndimatchulira molakwa dzina la msewu wathu, mpaka bambo wina wa kutsogolo anatembenuka kuti aone ngati mwanayo amapuma. Sindinamuuze kuti akhale chete ngakhale kamodzi.